Makope a Achimwene Ake

21 Julaye

Mayi a ana,

Landirani moni wanga, inu ndi Kamlomo. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Ine ndili bwino, kupatula kachifuwa ka fumbi kamene kamandivuta m'mawa, koma si kanthu koti kakusowetseni mtendere.

Mudabwa kuti ndayambanso makalata foni ilipo. Inu mukudziwa kuti chichitikireni zija, tikaimbirana timangomvetserana kupuma, mayunitsi n'kumatha. Papepala pokha ndiye ndikutha kulankhula ngati munthu. Adalaivala a thiraki ya katundu aja avomera kumanditengera makalata, ndipo anu muziwapatsa akamabwerera kuno.

Ntchito yasintha. Kapitao wathu wapeza kontirakiti pa sukulu ina yaikulu yosanja. Ana ali pa tchuthi chachitali monga kwathuko, ndiye tiyenera kupenta makoma ndi kukonza madesiki asanatsegulire. Ine andipatsa madesiki. Ndimawatulutsira pakhonde, kumangitsa zomasuka, kupala pamwamba mpaka thabwa liyere, kenaka kupaka vanishi. Ana a kuno kugoba amakutha, ndikukuuzani. Desiki iliyonse ili ndi mayina, mitima, mpira, nkhope ya mphunzitsi wa makutu ngati mbale. Ntchito yanga ndi kufafaniza zonsezo.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa. Mwandiuza kuti Kamlomo akuti kalasi yachisanu sakalowamo, sukulu ikatsegulidwa pa 9 Seputembala iye atsala pakhomo. Mawu amenewo sindinawalandire. Ndikudziwa kuti chimwalirireni achimwene ake m'Malichi muja mwanayu sanabwerere mwakale, ndipo mayeso omaliza munachita kumukoka dzanja kuti akalembe. Koma anakhoza. Mwana wokhoza sakhala pakhomo. Watitsalira yekhayu, mayi, ndipo ine ndikumeza fumbi la matabwa kuno chifukwa cha iye. Tili ndi milungu isanu ndi iwiri yoti timubwezere pamzere. M'mera mpoyamba.

Muchite motere. Azidzuka nthawi ya sukulu, chifukwa mwana akazolowera kudzutsidwa ndi dzuwa, tsiku lotsegulira limapita thupi lokha, mutu utatsala pa pilo. Akasesa, akhale pa tebulo ola limodzi, masamu. Masana aziwerenga mokweza inu mukusoka, chilichonse cholembedwa, ngakhale nyuzipepala yokulungira sopo. Lamulungu apume, nanenso si msilikali.

Za makope, chitani monga ndinkachitira ndili konko. Sonkhanitsani onse a chaka chathachi, mudule ndi lumo mapepala osalembapo akumapeto, muwalinganize, musoke m'mbali ndi ulusi wolimba, chikuto chikhale cha katoni. Limatuluka kope lonenepa lokwanira tchuthi chonse, atsopano n'kudikira tsiku lotsegulira. Makope a mnyamata wathu ndiwo ali ndi mapepala ambiri, poti anangolembamo mpaka pakati pa chaka. Ali m'chikwama chake, pa msomali wa kuseri kwa chitseko, ngati simunachisunthe.

Masamu ndizitumiza ine. Kuno mabuku angokhala m'makabati, palibe owatsegula.

Ndine amuna anu,
Bambo a ana

30 Julaye

Mayi a ana,

Kalata yanu yandipeza, ndipo ndakondwa kumva kuti muli bwino ndi kuti makina anu osokera asiya kudula ulusi. Ine ndilipo. Chifuwa chija chikadalipo, chikuoneka kuti chandikonda.

Ndaikamo mapepala anayi a masamu. Ndakopera ndekha m'buku limene ndinalipeza m'kabati ya kalasi ina, nthawi ya chakudya cha masana, anzanga akumenya makhadi pakhonde. Ayamba kale kunditchula Ahedi. Aseke, mano ndi awo. Kamlomo azichita masamu asanu pa tsiku, osati onse nthawi imodzi ngati akuthamangitsidwa. Akamaliza apite nawo kwa aphunzitsi a kalasi yachisanu aja a kuseri kwa msika, akamuchongere. Ndi mayi wabwino, anamuphunzitsa mnyamata, sangakane.

Koma pali chimene sichinandisangalatse. Mwalemba kuti mwasoka mapepala a Kamlomo okha, kope latuluka lopyapyala, ndipo chikwama cha mnyamata simunachikhudze chifukwa mwanayo amachitsitsa tsiku lililonse, kuchipukuta, n'kuchibwezera pa msomali. Mayi, kodi tikulera mwana wa sukulu kapena mlonda wa chikwama? Muli makope asanu ndi atatu mmenemo, ena sanafike ndi pakati pomwe. Pepala losalembapo lilibe mwini. Olembedwawo musunge, sindikuti mutaye, Mulungu akundiona. Koma oyerawo agwire ntchito. Mwiniwakeyo akanakhalapo bwenzi atang'amba yekha n'kumupatsa, mukudziwa mmene ankakhalira ndi mlongo wake. Musadikire kuti avomere. Mutumeni kwa azakhali ake tsiku limodzi, pobwera apeze kope lili pa tebulo. Pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo masiku sakutidikira.

Za kuno. Sukulu yopanda ana si malo abwino, mayi. Belu lake ndi lamagetsi, analitchera kuti lizilira lokha, ndipo palibe amene anakumbukira kulizimitsa. Hafu seveni lalira, teni koloko lalira, masana lalira. Likalira ndimapezeka ndaimitsa manja, ndikuyang'ana kumapeto kwa khonde, kudikira mapazi. Sikubwera munthu. Mkulu wosamalira sukuluyi timangowati a Makiyi, chifukwa cha mtolo wa makiyi umene umawalendewera m'chiuno. Ndinawafunsa kuti bwanji osalizimitsa. Anati, "Ndakalambira pano, sindinalikhudzepo. Likasiya kulira, nyumbayi iiwala kuti ndi sukulu." Sindinadziwe ngati akuseka kapena ayi.

Dzulo ndinasiya mipando itasanjikizana pakona m'kalasi imene ndimakoperamo masamu. Nditabwerako kotsuka bulashi ndinapeza umodzi uli pansi, pafupi ndi zenera, utayang'ana ku bolodi. Mwina ndi anzanga aja. Sindinawafunse.

Ndalama ya nsapato ndi yunifolomu ndapatsira adalaivala. Nsapato mugule zokulirapo chala chimodzi, phazi la mwana silidikira malipiro.

Bambo a ana

8 Ogasiti

Mayi a ana,

Moni. Ndamva kuti m'thupi muli bwino nonse, ndiye poyamba tithokoze pamenepo. Ine ndili choncho.

Mwachita monga ndinanenera, ndipo tsopano mlandu mwaukankhira kwa ine. Ndawerenga kawiri pamene mwalemba kuti, "Lumo linali m'manja mwanga, koma dzanja linali lanu." Mawu amenewo ndi olemera, mayi. Mukanawayeza kaye musanawatumize kwa munthu amene ali yekha kuno.

Mwati atabwera kwa azakhali ake anaona kope lonenepa pa tebulo, sanalikhudze, anangolunjika kuseri kwa chitseko. Anatulutsa makope a achimwene ake limodzilimodzi, n'kumawagwira kuonda kwake. Sanalire. Anakhala nawo pansi mpaka dzuwa kupendeka, ndipo lero ndi tsiku lachinayi osakulankhulani, akudya atayang'ana kukhoma. Mwana amene tinamutcha Kamlomo chifukwa ankacheza ngakhale ndi tsache. Zandipweteka, sindikubisirani. Koma sindikuona chimene ndalakwa. Mwana amakwiya m'mawa, madzulo waiwala. Musamunyengerere kwambiri, angaone ngati chete ndi ntchito yolipira. Muikireni kope ndi pensulo pa tebulo m'mawa uliwonse, inu n'kupita pa makina anu. Adzatopa yekha.

Ndatumizanso mapepala ena atatu. Muli maperesenti, asaope, ndi dzina lokha loopsa.

Pali kanthu kena kamene sindinafune kulemba, koma ndilibe wina womuuza. Lachiwiri ndikupala madesiki a m'kalasi yomwe ija, ndinafika pa ina ya kumbuyo. Panali dzina la mnyamata wathu. Ndikudziwa, ana a dzina limenelo alipo ambiri pa dziko, ndi mwana wa eni ake ameneyo, mwina pano akudya maswiti kwawo. Koma analigoba mozama, ndi msomali kapena kampasi, zilembo zopendekera kumbuyo. Ndinaika chopalira pamwamba pake, manja anakana. Ndinapita kukamwa madzi, ndinabwera, anakanabe. Ine amene ndafafaniza mayina mazana osaphethira.

Ndinainyamula desikiyo kupita nayo kuchipinda chosungiramo katundu. A Makiyi anandiyang'ana, anayang'ana desiki, n'kutsegula chitseko. Madzulo kapitao anawerenga, inaperewera imodzi. Anati, "Ahedi, desiki siuluka." Ndinati yathyoka mwendo, ndikonza. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Munthu ameneyu ali ndi chiphaso changa chogwirira ntchito m'kabati mwake, ndiye sindifuna azindiyang'ana choncho.

Mundiyankhe msanga za mwanayo.

Bambo a ana

22 Ogasiti

Mayi a ana,

Ndikhulupirira muli moyo. Ndikuti ndikhulupirira chifukwa adalaivala abwera kawiri chimanjamanja. Ulendo wachiwiri anachita manyazi okha, anati mwina munali ku msika. Foni mwayankha kamodzi, "tili bwino," n'kudula. Tsopano nyumba yonse yasiya kundilankhula?

Ngati ndi chilango, chandikwana. Kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi atatu. Sindikudziwa ngati mwana akudya, ngati wagwira pensulo, ngati nsapato munagula.

Ndinapita kuchipatala cha pafupi ndi kuno chifukwa cha chifuwa chija. Anati ndipume milungu iwiri. Ndinawathokoza, m'mawa mwake n'kupita kuntchito. Zina zimene ananena ndidzakuuzani pamaso.

Lamulungu masana ndili m'chipinda changa ndikuchapa malaya, ndinamva belu lija. Kuchokera kumene ndimagona kukafika kusukuluko ndi mabasi awiri. Ndinaima ndi thovu m'manja mpaka linasiya.

Lembani, mayi, ngakhale mzere umodzi wonditukwana.

Bambo a ana

29 Ogasiti

Mayi,

Moni, ndipo zikomo poyankha. Phukusi landipeza dzulo. Ndikanakonda kunena kuti ndili bwino.

Ndinalitsegulira m'kalasi, nthawi ya masana, ndili ndekha. Nditaona kope lija, ulusi wanu wobiriwira, chikuto cha katoni ya sopo, ndinati eya, mwana wagwira ntchito, watumiza kuti atate ake aone. Nditatsegula ndinapeza pepala lakuda ndi pensulo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinayamba kupsa mtima, ndimati wangowononga dala. Kenaka ndinalipendeketsa pa zenera.

Mayi, mwana uja anagoneka pensulo cham'mbali n'kumapaka pang'onopang'ono, ndipo m'kudako mwatuluka zilembo zoyera. Dzanja la mnyamata wathu. Mukukumbuka mmene ankadinikizira bolopeni ngati akulima, ine n'kumamukalipira kuti aboola tebulo? Zimene analemba pa pepala lomaliza la kope lililonse zinadinda pa pepala lotsatira. Mlongo wake wawafufuza onse asanu ndi atatu m'kati mwa kope lanulo, n'kuwadzutsa limodzilimodzi. Ine ndinkati mapepala osalembapo. Iye ankadziwa kuti ndi olembapo.

La masamu ndi limene landimaliza. Pamwamba pali deti, Lachitatu, 13 Malichi. Samu yogawa, 936 ndi 24. Analemba 3 pamwamba, 72 pansi, n'kuyamba kujambula mzere. Mzerewo unalekera pakati. Ndiye kuti ndi nthawi imene mutu unamugwira, aphunzitsi n'kumuuza kuti apite kunyumba. Loweruka munandiimbira kuti watisiya. Ine sindinaone nkhope yake, sindinaponye dothi, ndinali kuno kudikira chiphaso cha ulendo chimene chinatuluka maliro atatha kale. Miyezi isanu ndakhala ndikudziuza kuti ndinalibe chochita. Dzulo ndiye ndaika maliro a mwana wanga, nditakhala pa mpando wa ana, maondo atagunda desiki. A Makiyi anandipeza, anatseka chitseko kuti anzanga asandione, iwo n'kuima panja.

Ndaonanso mapepala anga a masamu amene mwabweza, ndi kakalata ka aphunzitsi. Alemba mwaulemu kuti, "Bambo, masamu awa ndi a kalasi yachisanu ndi chimodzi. Mwanayu sanafikeko." Ndinatuluka kukayang'ana pa chitseko cha kalasi imene ndakhala ndikukoperamo mwezi wonsewu. Palembedwa 6, nambala yaikulu ngati dzanja langa, ndinaipenta mozungulira ndekha. Makalasi onse ali m'sukulu muno, mapazi anga ankanditengera m'mene mnyamata akanalowa chaka chino. Ndimati ndikukonzekeretsa Kamlomo, chonsecho ndimakonzekeretsa malemu. Safunsa anadya phula, mayi, ndipo ine ndadya lambiri.

Ndinu munali kuona, ine ndimangolamula. Pepani chifukwa cha lumo lija. Munanena zoona, dzanja linali langa.

Mwati usiku wa phukusilo analankhula koyamba, mukumupesa tsitsi, ndipo anati, "Ndikalowa kalasi yachisanu ndiwapeza achimwene. Ndikakhoza ndiwapitirira. Ndiye wamkulu akhala ndani?" Ine ndimayesa ulesi kapena mantha a masamu. Sindinamufunse n'komwe. Ndimulembera yekha, mundipatse masiku awiri ndipeze mawu.

Amuna anu

1 Seputembala

Kamlomo mwana wanga,

Ndine atate ako. Uli bwanji? Ine ndili bwino pang'ono. Kalata iyi ndi yako, uwerenge wekha, amayi ako asakuwerengere. Ndalemba zilembo zazikulu chifukwa dzanja langa umalidziwa, nkhuku ikapalasa imaposa.

Ndinalakwa. Amene anadula makope a achimwene ako ndine, amayi ako ndinachita kuwakakamiza. Usawakwiyire iwo. Kope lija ndakubwezera, ndi lako. Ukafuna, amayi ako amasule ulusi, mapepala abwerere m'makope mwawo. Ukafuna likhale choncho, likhale. Ndakutumiziranso makope khumi atsopano a m'sitolo, amene sanakhalepo a munthu wina. Zikomo pondionetsa dzanja la achimwene ako. Ine wamkulu ndi ndevu zanga sindikanaganiza zopaka pensulo.

Wafunsa kuti wamkulu akhala ndani. Wamkulu ndi iwo, mwana wanga, mpaka kalekale. Ukulu sapereka ndi aphunzitsi. Anabadwa iwe kulibe, anakubereka kumbuyo ukulira, anakugwetsapo kamodzi pakhonde n'kundinamiza kuti wagwa wekha. Udzafika kalasi yachisanu ndi chimodzi, udzafika kusekondale, udzamera imvi n'kumayenda ndi ndodo, koma ukamadzawatchula uzidzati achimwene basi. Palibe mayeso amene angasinthe zimenezo.

Chaka chatha anandidandaulira pa foni kuti umawatsegulira makope n'kumawapezera zolakwa. Anati, "Atate, kauzeni kameneka, kakundichititsa manyazi." Koma ankaseka, ndinkamva kuti akuseka. Kenaka anati kali ndi mutu. Sanakuuze chifukwa ukanavuta nazo.

Samu ija anaisiya pakati ndayesa kuimaliza, yandikanika. Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu, zimene ndinkakutumizira zija ndinkangokopera ngati wojambula maluwa. Mkulu wina wa kuno anatulutsa foni kuti itiuze yankho, ndinamuletsa. Sindikufuna yankho la foni. Sindikukutuma kuti ukaimalize, ayi, ndakutuma zambiri kale. Ndangoti udziwe kuti nanenso yandiimitsa pomwepo.

Za ola limodzi pa tebulo zija zatha. Mlungu watsalawu usewere, udye, uvale nsapato zatsopanozo pakhomo kuti zisadzakulume. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha, ndipo ukhoza kukana. Tsiku lina masana upite ndi amayi ako kusukulu kukadali kopanda anthu. Ukasuzumire pa zenera la kalasi yachisanu. Ine sukulu yopanda ana ndakhalamo mwezi ndi theka, ndimaidziwa. Poyamba imaopsa, mtima umagunda, umamva ngati wina akuyang'ana. Ukaima pang'ono umaona kuti ndi madesiki, fumbi, ndi choko chimene wina anaiwala. Ukaone ndi maso ako tsiku la phokoso lisanafike.

Kuno kunali desiki ina imene mwana wina anagobapo dzina ngati la achimwene ako. Anandituma kuti ndifafanize. Ndapaka vanishi pamwamba pake dzina lili pomwepo, ndaibwezera m'kalasi. Kapitao wakalipa, koma vanishi ikauma yauma.

Pa 9 ukapita, ndidzakondwa. Ukapanda kupita, ndidzakhalabe atate ako, ndipo tidzayesanso. Ndakusowa kwambiri, ndi phokoso lako lomwe.

Atate ako

22 Seputembala

Mayi,

Moni kwa inu nonse awiri. Kalata yanu yafika Lachisanu, yonenepa, ndinachita kuopa kuitsegula. Ine ndili bwino, chifuwa chayamba kundisiya chichokereni pa fumbi lija. Ntchito ya kusukulu inatha, tsopano tikupenta nyumba yosungiramo katundu kutsidya kwa njanji. Kapitao ananditenga, ngakhale sakundilankhula bwinobwino. Tsiku lomaliza ndinaona ana a kuno akulowa pageti, phokoso ngati msika. A Makiyi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pita bwino, Ahedi."

Ndawerenga zonse mwadongosolo monga mwalembera. Kuti pa zenera paja munapita Lachinayi, anasuzumira nthawi yaitali, n'kufunsa kuti achimwene ankakhala pati, inu osadziwa. Kuti Lolemba lotsegulira anavala zonse, nsapato zomwe, n'kukhala pakhonde mpaka masana chikwama chili pamiyendo, inu osanena kanthu. Munachita bwino, ine ndikanalankhula n'kuwononga. Kuti Lachiwiri munafika naye pageti n'kubwerera. Ndipo kuti Lachitatu mukutsuka mbale munangomva chitseko, potuluka n'kumuona ali kale pa msewu, yekha, osacheuka.

Tsamba lachitatu ndi limene ndalibwereza mpaka lafewa m'mopinda. Mwati madzulo a tsiku lomwelo aphunzitsi anabwera okha kunyumba, anakana mpando, anaima pakhomo maso ali ofiira, akuti abwera kudzapepesa. Ankaitana mayina m'kaundula watsopano. Atafika pa dzina la bambo, lathuli, diso linaona bwinobwino koma pakamwa panatuluka dzina la mnyamata, monga ankaitanira m'mawa uliwonse chaka chatha. Ana ena m'kalasimo ankamudziwa, ena ndi obwereza amene ankakhala naye. Aphunzitsiwo akuti anafuna pansi patseguke.

Musawasungire kanthu mayi amenewo. Pakamwa pamazolowera, ine ndikudziwa kuposa aliyense.

Ndiye mwati mwana wathu anaimirira. Anagwira desiki ndi manja awiri, mawu omveka mpaka kumbuyo, anati, "Achimwene kulibe, aphunzitsi. Koma ine ndilipo." Anakhala pansi, n'kutsegula kope lake. Ndipo m'mawa mwake anapitanso, ndi masiku onse otsatira.

Mayi, ndinawerenga pamenepo nditakhala pa chitini cha penti, ndipo ndinalira anzanga akuona, sindinasamale. Ndanyadira mwana ameneyu, komanso ndachita manyazi. Aphunzitsi analakwitsa kamodzi, m'mawa umodzi, ndipo madzulo ake anayenda wapansi kudzapepesa. Ine ndakhala ndikuitana dzina lomwelo chichokereni Malichi, m'kalata iliyonse, m'samu iliyonse, mwana wamoyo ataima patsogolo panga kudikira kuti ndimuone.

Mundilembere za iye. Watalika kufika pati pa inu, akukhala desiki imodzi ndi ndani, chimene chikumuvuta n'chiyani, chimene chikumuseketsa n'chiyani. Ndazindikira kuti sindikudziwa ngakhale phunziro limene amalikonda. Ndapempha masiku kumapeto kwa temu ino, ndipo akandikaniza ndibwerabe.

Akabwera kusukulu, asanavule n'komwe nsapato, mumuuze kuti zimene anayankha m'kalasi zija zafika kuno. Mumuuze kuti nanenso ndamva.

Ndine amuna anu,
Bambo a Kamlomo